A Flossie Kunsi kwa Pikapu

Amene amagula kachewere pa msika wa Mayani amawadziwa a Flossie, ngakhale ambiri dzina salidziwa. Amangoti "amayi a pikapu yoyera aja." Kuyerako n'kwa kalekale. Lero galimotoyo inatenga mtundu wa dothi la m'misewu ya kumapiri kuno, chitseko cha kumbuyo amachita kumanga ndi mphira, ndipo ikamatsika chitunda cha kwawo, anthu a kudimba amaizindikira ndi kulira kwake isanatulukire n'komwe.

A Flossie sanakule akulota chiwongolero. Anabadwira m'mudzi wa kuseri kwa Mayani, sukulu anailekezera sitandade 8, n'kuyamba kulima kabichi ndi kachewere m'dimba la amayi awo. Kutchalitchi ankaimba nawo kwaya. Za galimoto zinabwera ndi a Gerevazio, mnyamata wa mudzi wa patsidya amene ankayendetsa malole a fodya ku Kasungu. Atakwatirana, a Gerevazio anamanga nyumba kuchikamwini, ndipo atatopa ndi zogona m'misewu anasiya ntchito n'kukagula pikapu ku Lilongwe. Inafika itakalamba kale. Eni akewo ankati, "Galimoto ili ngati apongozi. Ukaipatsa ulemu, imakusunga."

Anali munthu wa pakamwa a Gerevazio. Akamaseka kuchigayo, kudambo ankamva. Ndiwo amene anawaphunzitsa akazi awo kuyendetsa, pabwalo la mpira Lamulungu masana, anthu ataima m'mbali akuseka. "Nanga ndikadzakhuta mowa paukwati wa Tikondwe, adzanditenge ndani?" ankatero. Tikondwe ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, amene panopa akuphunzira zaunamwino ku Lilongwe.

Ukwatiwo usanafike, kunafika zina. Tsiku lina m'dzinja a Gerevazio akumanga matumba papikapu, anangotsetsereka n'kukhala pansi, chingwe chili m'manja, kukamwa kutapotoka. Kuchipatala kuboma anati ndi sitiroko. Anabwerako mkono wamanja ndi mwendo wamanja zitafa. Koma chimene chinawapweteka kwambiri a Flossie anali mawu. Munthu uja ankadzaza nyumba ndi nthabwala anatsala ndi timawu towerengeka, tosokonekeranso. Akafuna mchere ankati "nsapato," kenaka n'kumenya tebulo ndi dzanja lamanzere, chifukwa ankadzimva okha kuti aphonya. Kumva ankamva zonse. Nzeru zonse zinalimo, koma potulukira panalibe.

Akuchimuna anafuna galimoto igulitsidwe. Amene ankalimbikira kwambiri anali a Ezara, mng'ono wawo wa a Gerevazio, wogulitsa zovala za kaunjika. A Flossie anakana. Anapita kukayesedwa, ulendo woyamba analephera, wachiwiri anabwerako ndi laisensi. Kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala uwu: kulawirira m'mamawa, kusambitsa amuna awo, kuwakhazika pakhonde pamene dzuwa limayambira kuwomba, kenaka kunyamula katundu wa anthu. Kachewere, kabichi, matumba a fetereza, nthawi zina bokosi la maliro. Madalaivala anzawo poyamba ankawafunsa ngati akudziwa pamene pali giya yobwerera m'mbuyo. Anasiya okha ataona kuti amayiwo amakwera misewu imene iwo amaikana nthawi ya mvula.

Kuyendetsa anakudziwa. Kukonza ndiko kunali kwa amuna awo, ndipo kunatsekeredwa m'mutu mwawomo.

M'mwezi wa Juni, kilachi inayamba kudandaula. Chopondera chake chinafewa, moti giya kuti ilowe ankachita kuponda kawiri kapena katatu. A Flossie ankadziwa kuti pali vuto, koma inali nyengo ya kachewere, ndipo tsiku lililonse ankati ndikaonetsa mawa.

Tsiku la msika kunacha ndi nkhungu, chisanu chija cholowa m'mafupa. Pikapu inali itapakiridwa kale chadzulo lake, matumba a azimayi a m'mudzimo mpaka pamwamba. Ogula a ku Lilongwe amabwera ndi lole pa Mayani, ndipo ikadzaza sadikira munthu. A Flossie analiza injini, naponda kilachi. Chopondera chinangopita pansi ngati aponda phala, n'kukhala komweko osabwerera. Anachikoka ndi chala cha kumwendo, napondanso. Chimodzimodzi. Atayesa kukankha giya, inalira khrrr, kulira kopweteka mano.

Pakhonde a Gerevazio anamenya ndodo yawo pansi.

"Ndamva, bambo a Tikondwe, ndamva!" anatero a Flossie akuzimitsa injini.

Eni matumba anali atafika kale, atafunda zitenje ziwiriziwiri. Wamkulu wawo anali a Rute, oyandikana nawo nyumba, amene matumba awo ndiwo anali ambiri.

"Kwagwanji?" anafunsa a Rute.

"Kilachi."

"Ndiye kuti chiyani? Tipita kapena sitipita?"

"Tipita. Tadikirani."

Anaimbira foni a Yohana, makaniko wa kuboma amene ankagwirizana ndi a Gerevazio. Kuti foni igwire anachita kukwera pachulu cha kuseri kwa khola. A Yohana anali kumaliro ku Bembeke, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka nyimbo.

"Tsegulani boneti," anatero a Yohana. "Kutsogolo kwa chiwongolero kuli timakapu tiwiri. Kakakulu n'ka mabuleki, kasiyeni. Kakang'onoko muli chiyani?"

A Flossie anatsika pachulu, nakasuzumira, n'kukweranso. "Mwatsala mafuta pang'ono pansi penipeni. Akuda bii."

"Ndiye mwalowa mpweya. Mafutawonso atha ntchito. Chotsani onsewo, muthiremo atsopano, mubilide kuti mpweyawo utuluke."

"Ndibilide ine?"

"Nanga ndani? Simunaonepo abambo akuchita?"

Kuona anaonapo, koma theka lokha. Kwa zaka zambiri a Gerevazio akamachotsa mpweya m'kilachi, a Flossie ndiwo ankakhala pampando. Mawu ankachokera kunsi kwa galimoto: pampani, gwirani, siyani. Iwo ankangomvera, maganizo ali pa ndiwo zimene asiya pamoto. Zimene manja a amuna awo ankachita kunsiko sanazionepo, ndipo sanafunsepo.

"Pambali pa giyabokosi pali kasilinda kakang'ono," anapitiriza a Yohana. "Kali ndi kabawuti koboola pakati, timati nipo. Wina aponde n'kugwira, inu mumasule pang'ono, mafuta atuluke, mumange, iye asiye. Asasiye musanamange. Ndiye chinanso muzionetsetsa kuti..."

Foni inaduka. Anaimbanso, inakana. Anaikweza m'mwamba, anatembenukira ku phiri, anatembenukira kudambo, koma inangoti zii.

Mafuta atsopano analipo. A Gerevazio ankasunga botolo la mafuta a mabuleki kunsi kwa mpando, poti kilachi ya galimotoyo imamwa omwewo, ndipo botolo lomaliza limene anagula asanadwale linali losatsegula. M'chitini cha masipanala munali kapaipi koonekera mkati, kamene a Flossie anakaonapo kambirimbiri osadziwa ntchito yake. Atakaonetsa pakhonde, a Gerevazio anagwedeza mutu mwamphamvu, naloza botolo lopanda kanthu limene linali pansi pa mtengo wa pichesi. Analoza kapaipi, analoza botolo, n'kulozanso galimoto.

Mafuta akale anawayamwa ndi sirinji yobayira nkhumba mankhwala. Anali akuda ngati madzi otsukira mpoto, pansi pali zinyalala. Anapukutamo ndi kansalu, nathira atsopano oyera mbee mpaka pamzere. Kenaka anaika miyala kumateyala, anayala thumba pansi, anamanga chitenje m'chiuno molimba, n'kulowa chagada.

Kunsi kwa galimoto yodzaza katundu kulibe malo. Chitsulo chinali pamphuno penipeni, dothi louma likuyoyokera m'maso. Mame anadutsa m'thumba muja n'kulowa kumsana. Anafufuza ndi zala mpaka anakapeza kasilinda kaja, kali ndi matope osakanikira ndi mafuta. Nipo inali kumwamba kwake, yaing'ono ngati kambewu ka nyemba. Anaikapo sipanala, nakoka. Sinasunthe. Anakoka ndi mphamvu, sipanala inapulumuka, ndipo chala chinakamenya pachitsulo khungu n'kusupuka.

"Mayo ine!"

"Zatheka?" anafunsa a Rute ataweramira pansi.

"A Rute, ndikamaliza mumva."

Anadonthezera parafini panipo paja, nadikira, nagogoda pang'onopang'ono ndi mutu wa sipanala. Dzuwa linali litayamba kuboola nkhungu. Atakokanso, nipo inalira kwee n'kutembenuka. Anaimanganso pang'ono, navekapo kapaipi, mbali inayo n'kuilowetsa m'botolo. Tsopano kunangofunika mwendo wa munthu.

Azimayi aja onse anakana. Wina anati galimoto ingathawe naye, wina anati miyendo yake siingafike. Ali mkati mokankhizana, panafika njinga yamoto, ndipo amene anatsikapo anali a Ezara, atavala jekete lachikopa la pakaunjika pawo.

"Alamu, mwalowa kunsi ngati mbewa bwanji?" anatero akuseka. "Ndinanena ine."

"Mwafika bwino, alamu. Takwerani mundipondere kilachi. Ndikati pampani, muziponda n'kumasiya. Ndikati gwirani, mupondereze pansi osasuntha mpaka nditanena."

"Zimenezo n'zosachita kundiuza."

Anakwera. A Flossie anabwerera kunsi.

"Pampani!"

Pamwamba panamveka phwa, phwa, phwa.

"Gwirani!"

Anamasula nipo. M'kapaipi munadutsa tinthu takuda ndi thovu, pang'ono chabe. Asanamange, anamva foni ikulira m'galimoto, ndipo thovu lija linabwerera m'mbuyo momwe linachokera.

"Alamu! Mwasiya?"

"Ayi, ndagwira. Halo? Eee, ndili pa achimwene pano."

"Mwasiya, ndaona ndi maso anga!"

Anayambiranso. Ulendo uno a Ezara anagwira, koma pakamwa sipanagwire. Mawu awo ankatsika kudzera m'mabowo a pansi pa galimoto.

"Mukudziwa alamu, amene amaimba foni uja ndi munthu wa ku Mozambique, wa pamalire pomwepa. Amagula galimoto zakufa ngati zimenezi, amakaphwasula. Ndinamuuza kale za iyi."

"Siyani. Pampani."

"Ine ndimakumverani chisoni. Munthu wamayi, msinkhu wanuwu, kumagona m'matope. Anthu akutiseka ife akuchimuna, akuti tinakutayani."

"Gwirani."

"Achimwene akanakhala kuti akuyankhula, bwenzi atavomera kalekale."

A Flossie anamasula nipo, ndipo nthawi yomweyo a Ezara, pofuna kukhala bwino pampando, anasiya chopondera n'kuchipondanso mwamphamvu. Kapaipi kanafwamphuka. Mafuta anathovokera kumaso kwa a Flossie, diso lamanzere n'kuyamba kuwawa ngati alithira tsabola. Anatuluka chokwawa, mutu n'kugunda kuchitsulo, akufuula kuti madzi. A Rute anathamanga ndi ndowa. Anatsuka disolo nthawi yaitali, madzi ozizira akutsikira m'khosi mpaka m'bulauzi.

Ataweramuka, diso lili psuu, anayang'ana a Ezara amene anali akadali pampando.

"Alamu, tsikani."

"Inetu ndimathandiza."

"Mwathandiza. Tsikani. Ndipo munthu wanu wa ku Mozambique mukamuuze kuti mwini galimoto ali moyo, ali pakhonde apo, ndipo zonse mwanenazi wamva."

A Ezara anatsika, nakonza jekete lawo. Sanayang'ane kukhonde. Analiza njinga yawo n'kumapita, utsi uli m'mbuyo.

Kenaka ndodo inayamba kugogoda pamzati wa khonde, go, go, go, osalekeza. A Flossie anatembenuka. A Gerevazio anasiya ndodo, namenya ntchafu yawo yamanzere ndi chikhatho. Anaimenyanso, n'kuloza galimoto.

"Inu?" anatero a Flossie. "Mungathe?"

A Gerevazio anatukula mwendo wamanzerewo, naupondetsa pansi katatu, n'kuugwiritsa pomwepo, maso ali pa akazi awo.

Kuwakweza inali ntchito. A Flossie anagwira kumapewa, a Rute ndi mayi wina anagwira miyendo, mwendo wakufawo ukukola pachitseko. Chigwere tsiku lija, a Gerevazio anali asanakhalepo pampando umenewo. Atakhazikika anaika dzanja lamanzere pachiwongolero, nayang'ana kutsogolo kumene boneti yotsegula inawatchinga. A Flossie sanafune kuwayang'ana kumaso nthawi yaitali. Anatola sipanala n'kulowa kunsi.

"Pampani!"

Kuponda kwake kunali kwina. Pang'onopang'ono, mpaka pansi, n'kubwerera mpaka pamwamba.

"Gwirani!"

Anamasula. Mafuta akuda anayenda m'kapaipi, thovu lili ndondondo ngati mikanda. Anamanga.

"Siyani!"

Anamva chopondera chikukokedwa ndi phazi kubwerera m'malo. Anabwereza. Anabwerezanso. Zakuda zija zinayamba kusanduka zofiirira, thovu likuchepa. Msana unali utazizira mpaka kuchita dzanzi, chala chikutuluka magazi, koma kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo a Flossie anaona kuti zikuyenda. Anafulumiza. Pampani, gwirani, siyani. Pampani, gwirani.

Hutala inalira pamwamba pawo, piii, mpaka anadzidzimuka n'kugundanso mutu.

"N'chiyani? Gwirani, bambo a Tikondwe, tatsala pang'ono!"

Piii. Piii.

Anamanga nipo, natuluka. A Gerevazio anali akulimbana ndi pakamwa pawo, milomo ikunjenjemera, mitsempha ya m'khosi itatuluka.

"Ma... ma... madzi."

"Madzi? Panopa?"

"Madzi!"

A Flossie anapumira m'mwamba. Anapita kunyumba mwandawala, natunga madzi m'kapu, n'kubwera nawo. Atawayandikizira kukamwa, a Gerevazio anaikankha kapuyo ndi dzanja. Inagwera pansi, madzi n'kuwakhavukira a Flossie pachifuwa.

Pamenepo mtima unawaphulika.

"Kodi mukufuna ndichite chiyani ine? Ndikusambitseni, ndikuvekeni, ndikudyetseni, ndilowe kunsi kwa chigalimoto chanuchi, abale anu azinditukwana pakhomo panga, ndiye inunso muzinditayira madzi? Mwati madzi, ndabweretsa madzi! Ngati si madzi, nenani! Nenanitu!"

Mawu omalizawo atatuluka, anawamva okha kuipa kwake. Azimayi aja anayang'ana pansi. A Gerevazio anatseka maso. Atawatsegula munali misozi, koma dzanja lawo linali litatambasuka, chala chikuloza kutsogolo, kupyola galasi, kuboneti. Chalacho sichinatsike.

A Flossie anazungulira, nasuzumira m'kakapu kaja. Munali mouma gwa. Mafuta onse anali atatsikira kunsi, ndipo pakabowo ka pansi pankaoneka mpweya wokhawokha. Ndi zimene a Yohana ankafuna kunena foni isanaduke. Ndi zimenenso a Gerevazio anazimva kuphazi, n'kusowa dzina lake. Mpweya umene anavutika kuutulutsa kunsi anali atauyamwiranso kumwamba, wochuluka kuposa poyamba.

Anakhala pansi, pafumbi pomwepo, atatsamira teyala. Sanalire mokweza. Anangogwira kumaso ndi manja amafuta aja, diso lija n'kuyambanso kuwawa. Dzuwa linali litakwera, nkhungu yonse itatha. Kumsewu kunadutsa ngolo ya ng'ombe yodzaza kabichi, mwini wake akuimba mluzu.

"Tikanadziwa tikanagwira ngolo dzulo," anatero a Rute chapansipansi, koma moti amveke.

A Flossie anadzuka. Anatenga botolo la mafuta n'kuliyang'anitsa padzuwa. Munatsala osakwana theka. Anapita pachitseko cha dalaivala, naima kanthawi.

"Pepani, bambo a Tikondwe," anatero. "Ndamva tsopano."

A Gerevazio sanawayang'ane. Anangoika phazi pachopondera.

"A Rute, bwerani kuno. Gwirani botololi. Muziyang'ana m'kakapu umu. Akatsika kufika pamzere wapansiwu, thirani pang'ono. Musadonthezere papenti, amasupula."

"Ine zagalimoto sindizidziwa."

"Mafuta ophikira mumathira m'chiwaya? N'chimodzimodzi. Kachewere ali pamwambayu ndi wanu."

A Rute analandira botolo, nkhope ili ndwii. Anaona botolo lina lija la zakuda limene linali kunsi, nati, "Nanga awa osangowasefa pakansalu n'kubwezeramo bwanji? Kutaya zinthu chonchi?" A Gerevazio anapukusa mutu mwamphamvu mpaka chipewa chinagwa, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Anayambiranso pachiyambi. Ulendo uno zinatenga nthawi yaitali, chifukwa mpweya unayenera kuyenda njira yonse kuchokera kumwamba. Poyamba m'kapaipi munkangotuluka phwii, phwii, popanda kanthu. Mawu a a Flossie anasasa. Mwendo wa a Gerevazio unatopa, moti nthawi zina ankati akagwira, chopondera chinkanjenjemera, ndipo a Flossie ankachita kufulumira kumanga. Kawirikawiri ankaima kuti apume. A Rute ankalengeza kuchokera kutsogolo ngati akuwerenga uthenga wa maliro: "Atsika. Ndathira. Atsala pang'ono m'botolomu. Akuthatu."

Kenaka thovu lalikulu linadutsa, lina laling'ono pambuyo pake, ndipo otsatira anali mafuta oyera, odzaza kapaipi konse. A Flossie anamanga, nati siyani, pampani. Anaona ndi maso awo kachitsulo ka pasilinda kakutuluka n'kukankha, kakubwerera, kakukankhanso. Pamwamba a Gerevazio anamenya chiwongolero ndi chikhatho.

"Basi," anatero. Linatuluka lomveka bwino, liwu limodzi lokhalo.

M'botolo munatsala madontho. A Flossie analimbitsa nipo, anapukuta, anatseka kakapu ndi boneti. Pofuna kuwatsitsa amuna awo kuti abwerere pakhonde, a Gerevazio anagwira chiwongolero osafuna kusiya. Anakangana mwa manja ndi maso mpaka anagwirizana zowasunthira kumpando wa pambali. A Rute, amene malo amenewo anali awo, anakwera pamwamba pa matumba akung'ung'udza.

Injini inalira. A Flossie anaponda kilachi, ndipo inawabwezera mphamvu kuphazi. Giya inalowa mwakachetechete.

Anafika pa Mayani dzuwa litapendeka. Pamalo pamene pamaima lole panali makoko a nzimbe ndi mapazi a mateyala basi. Ogula a ku Lilongwe anali atadzaza katundu wa ena n'kumapita. Amene anatsala anali okazinga tchipisi, ndipo iwo akaona munthu wafika mochedwa ndi galimoto yodzaza amadziwa kuti sabwerera nayo. Anatchula mitengo yochititsa manyazi. Azimayi ena anagulitsa pang'ono, ena anakana, matumba otsala n'kukawasungitsa pakhonde la golosale ya munthu wa kumpingo kwawo. A Rute sanayankhule ndi a Flossie mpaka pobwerera, ndipo chimene ananena potsika chinali chakuti, "Galimoto mukanaionetsa kale."

Zinali zoona.

Ndipo nkhani ya kilachi sinathere pomwepo. Patangopita masiku ochepa chopondera chinayambanso kufewa. Atalowa kunsi anapeza kasilinda kaja kanyowa. A Yohana atabwerako kumaliro anafika panjinga, nayang'ana, nati ntchito yobilida anaigwira bwino, koma labala ya mkati mwa silinda inadyeka, ndipo mafuta ankathawira pamenepo. Kuboma labalayo kunalibe. Anaitanitsa ku Lilongwe kudzera mwa kondakitala wa minibasi, ndipo imene inabwera inali yaikulu. Anaibweza. Pikapu inakhala pabwalo nkhuku zikugona kunsi kwake, nyengo ya kachewere ikudutsa. A Flossie ankamva magalimoto a anzawo akukwera chitunda kukatenga katundu wa anthu amene kale ankadikira iwo. Pamene labala yoyenera inkafika, minda yambiri inali itakumbidwa kale.

Ena mwa azimayi aja anabwerera. A Rute sanabwerere, mpaka lero amagwira ngolo. A Ezara akakumana nawo pamsika amayang'ana kumbali, ndipo pakhomopo amafika pokhapokha akamva kuti a Flossie achokapo. Tikondwe atamva nkhaniyi pafoni anakalipa kuti mafuta amenewo akanawaononga diso, ndipo atabwera patchuthi anawabweretsera magalasi oteteza kumaso, amene a Flossie amawavala akamapopera mankhwala kudimba.

Masiku ano Loweruka lililonse m'mawa amatsegula boneti n'kusuzumira m'timakapu tiwiri tija. Chisanu chikamayamba amasintha okha mafuta a kilachi, osadikira kuti ade. A Gerevazio ndiwo amaponda, ndipo mayi aliyense amene wapezeka pafupi amagwiritsidwa botolo.

Chinasinthanso china, chimene a Flossie sadziwa ngati achiyamikire. Chichokere tsiku lija, a Gerevazio anakana zotsala pakhonde. Akangomva makiyi amayamba kufunafuna chipewa. Ndiye tsiku la msika ntchito inawonjezeka: kuwakweza, kuwatsitsa, kuwapezera pamthunzi, kuwaperekeza kuseri. Kumsika amakhala m'galimoto galasi lili lotsitsa, madalaivala akale n'kumabwera kudzawapatsa moni, iwo akugwedeza mutu ndi kuseka ndi mbali imodzi ya kukamwa.

Koma m'njira ndi mavuto. Sitiroko inawalanda mawu, kutsonya sinawalande. A Flossie akachedwa kusintha giya pachitunda, amamva kutsonya kumanzere kwawo. Akasiya phazi litatsamira pakilachi, kutsonya. Akalowa m'dzenje limene akanatha kulizemba, kutsonya kwakutali, kochita kukoka. Tsiku lina akutsika kumene kupita ku Mayani, atatsonyedwa kuyambira pakhomo, anaimika galimoto pambali pa msewu, nakoka handibuleki, n'kutembenuka.

"Bambo a Tikondwe, laisensi ili m'chikwamamu ili ndi nkhope ya ndani?"

A Gerevazio anayang'ana kunja, kuminda ya anthu, ngati sanamve. A Flossie anadikira pang'ono, nalowetsa giya, n'kubwerera mumsewu. Asanafike n'komwe pamlatho, anamva kutsonya kwina.